Mizere Iwiri Yofanana

Ku Tartu, mwezi wa Disembala,
mdima suyembekeza kuti tiweruke.
Ndimayatsa nyale, kompyuta nayo imayatsa yake,
timayang'anizana mpaka maso atachita mchenga.

Odwalawo sindiwaona.
Amandifika atasanduka kale zilembo zinayi,
A, C, G, T, zobwerezabwereza ngati chibwibwi.
Anthu zikwi khumi ndi zinayi, aliyense mzere wake,
kumapeto kwa mzere kabokosi:
wani ngati anayamba kuiwala,
zilo ngati akudziwabe njira yakwawo.
Ine yanga n'kupeta.
Magazi otengedwa mosasamala, kunja.
Mzere wolembedwa kawiri, kunja.
Taavi wa desiki yapawindo amati ndilibe chisoni.

Lachiwiri pulogalamu inandikodola ndi zilembo zofiira.
Mzere 4417 ndi mzere 9026
ofanana ndendende, chilembo ndi chilembo.
Ndinati basi, wina mu labu ankasinza,
wadontheza magazi a munthu mmodzi m'timabotolo tiwiri.
Zimachitika.
Chala chinali kale pa batani lofufutira
pomwe diso linagwera pa kabokosi kaja.
Uyu wani.
Uyu zilo.

Ndinaimbira Urve, namwino wosunga mafayilo.
Ndinamva mapepala akupakasa, supuni ikugunda kapu.
"Palibe anasinza," anatero. "Ndi mapasa.
Amayi awiri, zaka eyite-wani.
Maina sindingakuuze, ukudziwa."
Ndikudziwa.
Koma foni sanadule.
"Wina ali kunyumba ya okalamba, tsidya la Emajõgi.
Mnzakeyo amabwera Lachinayi lililonse pa basi,
buledi wakuda m'chikwama, ndi chipeso.
Wodwalayo akamuona amayesa galasi,
amayamba kukonza kolala ya juzi yake."
Kenako anatsokomola.
"Ndalankhula zambiri," ndipo foni inati thi.

Dzira limodzi. Buku limodzi lokoperedwa kawiri,
popanda ngakhale kadontho kosiyana
komwe makina anga angakaone.
Nanga mbala inalowera khomo liti?
Malungo a chaka china? Kugwa pa ayezi?
Mwamuna amene uyu anakwatiwa naye, winayo n'kumukana?
Mafunso amenewa alibe danga mu tebulo langa.

Masamu athu safuna apachibale,
amati mawu amodzi asawerengedwe kawiri.
Mmodzi achoke.
Lamulo ndinalemba ndekha chaka chatha,
tsiku lowala, ndikudya apulo:
odwala ndi osowa, choncho wodwala atsale.
Ndinadina.
Ndinafufuta amene amakumbuka.

Usiku wonse makina anang'ung'udza m'chipinda chapansi.
M'mawa chithunzi chinatuluka,
timadontho zikwizikwi tondondozana ngati mzinda wakutali,
nsanja yaitali pa kromosomu 19
yomwe tonse timaidziwa ngati mnansi wakale,
ndi kachulu kena, katsopano,
kongotsala pang'ono kukhudza mzere wofunika.
Taavi anaomba m'manja, anagula makeke.
Mwina zaka khumi zikubwerazi kadzakhala kanthu.
Mwina ndi fumbi chabe.
Keke ndinadya, inali yabwino.

Nambala ija ndinailemba pa kapepala kachikasu,
9026,
n'kukamata m'mphepete mwa sikirini
pafupi ndi tsiku lokaonana ndi wa mano.
Malamulo saletsa zimenezo, ndinafufuza.

Lero ndi Lachinayi.
Chipale chofewa chikugwa mwaulesi,
basi yadzaza makhoti onyowa.
Ndawerenga amayi okalamba asanu ndi mmodzi,
anayi ali ndi zikwama pamiyendo.
Sindiyenera kudziwa, ndipo sindifunsa.
Tikuwoloka mlatho.
Mmodzi wapukuta nthunzi pawindo ndi golovesi,
wadziyang'ana nthawi yaitali,
wakonza kolala.
Pamene ndimati ndione bwino nkhope yake,
ndapeza kuti siteji yanga ndaipitirira.